Mzere wa Njinga Sudikira Munthu

Njinga yanga yoyamba ya mpikisano ndinaigula pa kaunjika, chaka chachiwiri nditasamukira ku Mzimba kuchokera kwathu ku Salima. Ntchito yanga ndi yolumikiza magetsi m'nyumba, ndipo nthawi imeneyo pa boma anthu ankamanga kwambiri ndi thandizo la abale awo a ku Joni. Za masewera ndinalibe nazo maganizo. Ndinkangofuna njinga yopepuka yoyendera ku ntchito, ndiye nditaona ija ya matayala owonda ngati chala, mahandulo opindikira pansi, ndinati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Sabata yoyamba yomweyo ndinadziwa kuti ndagula mavuto. Njingayo inalibe kaliyala, moti chikwama cha zida ndinkachibereka kumsana, ndipo mumsewu wafumbi chubu chinkabooka pafupifupi tsiku lililonse.

Amene anandiuza kuti njingayo ndikuizunza anali bambo wina wachikulire wokhoma mbaula ndi ndowa pamsika. Tsiku lina ndinadutsa pa shedi yawo ndikuikankha, tayala la kumbuyo litaphwa. Anasiya nyundo n'kundikodola.

"Dada, njinga iyi yakulakwirani vichi?" anatero akuseka, akusakaniza mawu a chilankhulo cha kumeneko. "Iyi si ya fumbi yayi. Mubwere nayo Loweruka sikisi koloko m'mawa pa mphambano yotulukira m'tauni. Mbwenu mudzaona chimene anaipangira."

Anali munthu wamfupi, wowonda, wa imvi mutu wonse, wokonda nthabwala, koma miyendo yawo inali mitsempha yokhayokha. Pa unyamata wawo ankalondera moto m'nkhalango ya paini ku Chikangawa, akuzungulira pa njinga tsiku lonse, ndipo chikondi cha njinga chinayambira kumeneko. Gulu la Loweruka analiyambitsa ndi iwowo. Aliyense ankangowatchula kuti adada, ndipo inenso ndiwatchula choncho muno.

Gululo linkapalasa mwamphamvu miyezi yozizira yokha, kuyambira Juni mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Mipikisano yeniyeni inkabwera dzuwa likayamba kutentha, ndiye adada ankati miyendo imalimidwa m'chisanu, kukatentha munthu amangokolola. Komanso nthawi yachisanuyi msewu umakhala wouma, ndipo alimi amakhala atachotsa chimanga m'munda. Ulendo unali umodzimodzi sabata iliyonse: kuchoka pa boma, kukalowa mumsewu waukulu, n'kukwera mpaka pa chikwangwani china chochenjeza za moto chomwe chili pamwamba pa chitunda, kufupi ndi ku Chikangawa.

Kuzizira kwa kumeneko munthu wa ku Salima sangakumvetse pongomuuza. Tinkanyamuka mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Magolovesi anali ndi anthu awiri okha, enafe tinkavala masokosi akale m'manja. Mkati mwa juzi tinkaikamo chidutswa cha katoni chotchinga chifuwa, ndipo tinkachichotsa thukuta likayamba, nthawi zambiri tisanalowe n'komwe mumsewu waukulu. Tikafika m'paini chifunga chinkatseka msewu, malole a matabwa tinkawamva kubangula tisanawaone. Zala zinkauma mpaka kusintha giya kunkafuna dzanja lonse.

Tinkayenda pa mzere umodzi, tayala lako la kutsogolo litayandikana ndi la kumbuyo la mnzako, mpata wake wosakwana chikhatho. Wakutsogolo ndiye amalimbana ndi mphepo, ena onse amabisala kumbuyo kwake. Aliyense ankatsogola mpaka mwendo wake wamanja utaponda pedulo kokwana zana, akuwerenga chamumtima, kenako ankapatukira kumbali, mzere n'kumudutsa, iye n'kukalumikiza kumchira. Zana limenelo silinkachotseredwa munthu aliyense. Adada ankati wabisala kwa anzako, nawenso ubise anzako.

Lamulo lina linali lakuti mzere sudikira munthu. Chubu chikaphulika tinkaima tonse, poti limenelo ndi tsoka. Koma miyendo ikakuthera, zako zimenezo. M'munsi mwa chitunda chomaliza muli kamlatho ka simenti. Kuyambira pa kamlathopo mpaka pa chikwangwani mzere unkasweka, aliyense payekha, ndipo wofika poyamba ankayenda chodzikweza sabata yonse. Kutsalira pa chitunda chimenecho sunali mlandu. Mlandu unali kudutsa pa kamlatho uli wekha, mzere utakusiya kale. Zimenezi zikakuchitikira maulendo atatu otsatizana, Loweruka unkalisiya mpaka chisanu cha chaka chamawa. Unkapita ku gulu la Lamulungu masana, lomwe linkapalasa pang'onopang'ono likucheza. Ife tinkalitcha gulu lokazonda odwala.

Chaka changa choyamba ndinatsalira katatu, osaphonya. Ulendo woyamba mzere unandisiya tisanaone n'komwe mtengo wa paini. Wachiwiri ndinasanza tiyi m'mbali mwa msewu. Wachitatu ndinalimbikira ndithu, ndipo ndinaduka kamlatho ndikukaona ndi maso. Nditafika pamwamba ndili wefuwefu ndinapeza anzanga akudya nthochi. Ndinkaganiza kuti poti ndine mlendo, komanso ndinangotsala pang'ono, andimvera chisoni. Adada anandipatsa nthochi, n'kundisisita paphewa.

"Mwayesetsa chomene, dada wa ku Salima," anatero. "Mbwenu mukatiperekereko moni kwa odwala."

Onse anaseka chikhakhali. Inenso ndinaseka, koma mano okha. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo choipa china n'chakuti ndikapsa mtima sindiiwala. Mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba, ndinakhala nawo pa tebulo, chakudya osachikhudza. Mkazi wanga anati, "Inu, nkhani ya njinga yomweyi mpaka kukana ndiwo? Walira mvula walira matope." Ndinamuyankha zosayenera, ndipo tsiku limenelo sitinalankhulanenso.

Kwa odwala ndinapitadi. Ndinapalasa miyezi yambiri ndi dikoni wina wa mimba yaikulu amene ankaima pa golosale iliyonse kupereka moni, komanso aphunzitsi awiri omwe ankakangana za mpira kuchoka pa boma mpaka kubwerera. Anali anthu abwino, koma ine ndinkapita kumeneko ngati munthu wotumidwa kukagwira chibalo. M'kati mwa sabata ndinkadzuka mbandakucha kukakwera zitunda ndekha ndisanapite ku ntchito. Juni wotsatira ndinabwerera ku Loweruka, ndipo kuyambira pamenepo sindinatsalirenso. Pofika chisanu chachinayi ndinali nditafikapo poyamba pa chikwangwani kangapo.

Ine ndi adada tinadzakhala pa ubwenzi. Ndinawalumikizira getsi mu shedi yawo, iwo anandiphunzitsa kuwongola tayala pomanga masipoko, ndiponso kudziwa giya yoyenera pa malo aliwonse a msewu uja. Mwana wanga atadwala adada anabwera kudzationa ndi botolo la uchi. Ndikanafunsidwa ndikanati za kale zija zinatha. Koma kanthu kanatsalabe, ngati kamwala mu nsapato, kosapweteka kwenikweni koma kosaiwalika.

Nthawi imene ndikufuna kunenayi tinalipo asanu ndi awiri. Kupatula ine ndi adada, ofunika kuwadziwa ndi awiri. Woyamba anali mlimi wa fodya wa ku Champhira, mkulu wa mpingo, munthu wofewa mtima. Ankabwera Lachisanu pa minibasi, njinga atachotsa matayala, n'kugona kwa mlamu wake, manja ali bii ndi fodya amene wakhala akusankha sabata yonse. Wachiwiri anali wocheka matabwa wa ku Luwawa, wamphamvu kuposa tonsefe, wosakonda zolankhula.

Chaka chimenecho adada anadwala chifuwa mwezi wa Meyi. Anachira, koma thupi silinabwerere. M'Juni anagwirabe mzere, ngakhale tinkawamva kupuma kwawo kuti kwasintha. Loweruka loyamba la Julayi anaduka tili pakati pa paini, pa kachitunda kena kamene kale ankakwera akutinyoza. Palibe mmodzi wa ife amene anali atawaonapo akutsalira. Atatipeza pa chikwangwani anakweza chala chimodzi.

"Kamodzi," anatero, n'kupempha nthochi.

Sabata yotsatira anadukira pamalo omwe aja. Pamwamba anakweza zala ziwiri. Anayesa nthabwala yakuti dikoni uja awasungire malo, koma palibe anaseka. Tonse tinkadziwa kuti munthu wa msinkhu wawo akachoka pa mzere chaka chathunthu sabwereranso. Tinkadziwanso kuti ana awo onse ali ku Joni, ndipo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu adada ankakhoma malata aja maso ali pa Loweruka.

Lachisanu masana mlimi wa ku Champhira uja anandipeza pa nyumba ina imene ndinkaikamo mawaya. Anabwera ndi wocheka matabwa. Ena atatu anali atalankhula nawo kale. Ndinatsika pa makwerero, tinapatsana moni, ndipo sanazungulire.

"Mawa titsitseko liwiro," anatero mlimiyo. "Munthu yura ndi dada withu. Sitingawatumize kwa odwala. Kuno mwana sathamangitsa bambo ake pa bwalo lawo lomwe."

"Lamulo analiika ndi iwowo," ndinatero. "Ine atandichotsa, ndani anatsitsa liwiro?"

"Imwe munali ndi zaka zobwererera. Iwo abwerera liti?"

Mawu amenewo anandipsetsa mtima kwambiri. Wocheka matabwa anati, "Akadziwa atimaliza."

"Sadziwa yayi," anatero mlimiyo. "Chifunga chilipo, tinamizira chimenecho."

Pangano lake linali lakuti aliyense akakhala kutsogolo apalase giya yopepuka kuposa ya masiku onse, ndipo adada akatsogola, wakumbuyo kwawo akuwe kuti zakwana asanafike pa zana. Ndinavomera ndi pakamwa. Atachoka ndinalumikiza waya wina molakwika mpaka ndinachita kumasula zonse n'kuyambiranso.

Loweruka kunacha kozizira kuposa masiku onse, udzu wa m'mbali mwa msewu uli mbuu. Tinanyamuka sikisi koloko monga mwa nthawi zonse. Pa mzere adada anali kumbuyo kwanga, ndipo kumbuyo kwawo kunali wocheka matabwa.

Kunama kumafuna luso, ndipo ife tinalibe. Tinalowa mumsewu waukulu aliyense katoni yake ikadali pachifuwa, poti panalibe amene anatuluka thukuta. Mlimi uja, pofuna kuonetsa kuti zonse zili bwino, anayamba kufotokoza za mavuto a kumsika wa fodya tili pa mzere. Pa Loweruka munthu salankhula chiganizo chathunthu, amangokuwa kuti dzenje kapena lole. Ndinkafuna kumutseka pakamwa ndi sokosi. Posakhalitsa ndinamva kumbuyo kwanga munthu akuimba likhweru, nyimbo ya kutchalitchi, modekha, vesi yonse mpaka kumapeto.

Nditamaliza zana langa ndinapatuka n'kupita kumchira, adada n'kutsogola. Atangopalasa pang'ono, wocheka matabwa anakuwa, "Zakwana, adada!"

Sanapatuke. Anayamba kuwerenga mokweza kuti tonse timve, "Sikisite-wanu, sikisite-thu," mpaka anakwanitsa zana lawo. Kenako anapatuka, mzere unawadutsa, ndipo m'malo molowa kumbuyo kwanga anayenda pambali panga.

"Dada wa ku Salima."

"Wawa, adada."

"Zaka zonsezi, munandimvapo ndikuimba likhweru pa msewu uno?"

Ndinangoyang'ana tayala la kutsogolo kwanga.

"Mwandinyamula paphewa ndikadali moyo," anatero motsitsa mawu. "Awa ndi ana a kuno, akundiopa. Imwe ndinu mlendo. Ndiponso muli nane kanthu kumtima, ndikudziwa, musakane. Ndapota, lutani kutsogolo mukapalase za Loweruka. Ndikagwira, ndagwira ndekha. Ndikaduka, ndaduka ndekha."

"Adada, anzangawa tinagwirizana..."

"Anzanuwo ndithana nawo ine. Lutani."

Ndinachita manyazi kwambiri. Kanthu kamene ndinkaganiza kuti ndinakabisa zaka zisanu, munthuyu ankakaona tsiku lililonse, ngakhale pamene ankandipatsa uchi uja. Manyaziwo sanachedwe kusanduka mkwiyo, monga zimakhalira ndi ine. Ndinachotsa katoni pachifuwa n'kuilowetsa m'thumba la kumsana, ndinatuluka pa mzere, ndinadutsa anzanga onse mmodzimmodzi. Adada ananditsatira tayala ndi tayala.

"Imwe, mukuya nkhu?" anakuwa mlimi uja.

Ndinakhala kutsogolo n'kuika giya ya masiku onse. Nkhani za fodya zinathera pomwepo. Nditakwanitsa zana ndinapatuka, adada anachita zana lawo lonse, koma wotsatira atangotenga malo liwiro linatsikanso. Ndinabwerera kutsogolo, adada akunditsatiranso, ndipo ulendo uno sindinachokeponso. Ngati panali kuswa lamulo, onse anali ataliswa kale m'mawa umenewo.

Tinalowa m'paini chifunga chili tolo. Lole ya matabwa inatidutsa ikutsika, n'kutiwaza fungo la utuchi ndi mabuleki otentha. Ine ndinkangomvetsera chinthu chimodzi, kupuma kwa adada kumbuyo kwanga. Kunkamveka ngati sowo m'thabwa lonyowa, koma kunalipo. Tinafika pa kachitunda kaja kamene kanawadula masabata awiri apitawo. Ndinakakwera pa liwiro lake lenileni, osachotsera, osawonjezera. Titafika pamwamba pake kupuma kuja kunali pomwepo. Ndinamva wina kumbuyo akukuwa mosangalala, ndipo ndikhulupirira anali mlimi uja.

Kuchoka pamenepo kukafika pa kamlatho si patali. Pali kamtunda kotsetsereka, kenako msewu umakwera pang'ono n'kukhota, ukangokhota kamlatho kali apo. Pa kukwera kumeneko timapepukitsa giya nthawi zonse, kuti tisunge miyendo ya chitunda chomaliza. Anandiphunzitsa zimenezo ndi adada omwewo, ndipo ndinali nditachita choncho Loweruka lililonse kwa zaka zinayi.

Tsiku limenelo dzanja langa linapita pa giya, koma m'malo mopepukitsa ndinalemeretsa. Ndinaimirira pa mapedulo n'kuponda ndi thupi lonse. Palibe anandituma. Sindinganene kuti ndinalakwitsa chifukwa cha kuuma kwa zala, ngakhale bodza limeneli ndinadziuzapo kangapo pambuyo pake. Ndinamva kuti munthu uja akadalipo, kuti adutsa pa kamlatho ali pa mzere, ndipo mumtima mwanga munabwera mawu aja a moni kwa odwala. Ndinaponda.

Kupuma kuja kunayamba kutalikira. Kenako sindinakumvenso, m'malo mwake ndinamva matcheni a anzanga akuwazungulira adada mmodzimmodzi kuti atseke mpata. Mlimi uja anafuna kutsala nawo, koma ndinamva adada akumukalipira ndi mpweya wochepa umene unatsala, "Luta! Luta!" Pa kamlatho tinadutsa anthu asanu ndi mmodzi. Ndinacheuka. Anali kumbuyo mtunda wokwana malole awiri a matabwa, mutu uli pansi, akupalasabe.

Pa chitunda chomaliza palibe anapikisana. Tinakwera ngati anthu ochokera kumanda. Titafika pa chikwangwani wocheka matabwa anagoneka njinga pa udzu, anawerama manja ali m'mawondo, analavula, kenako anabwera pafupi nane.

"Iwe wapenga?" ananong'ona. "Pa kona paja ngakhale ine ndinatsala pang'ono kuduka. Lija si liwiro lathu."

Mlimi uja sanandiyang'ane n'komwe. Anakhala pa mwala n'kumasenda nthochi imene sanaidye.

Adada anafika patapita kanthawi. Anatsika pa njinga, anagwira mtengo wa chikwangwani, anatsokomola nthawi yaitali. Atapeza mpweya anakweza zala zitatu.

"Adada, lero tisawerenge," anayamba mlimiyo. "Chifukwa lero zinthu..."

"Chete," anatero adada. Sanakweze mawu. "Iwe ndiwe mkulu wa mpingo, ukunamiza munthu wa imvi pa msewu. Ukanandidutsitsa pa kamlatho paja ngati katundu, sabata yamawa ukanatani? Ukanandimanga chingwe?"

Mlimiyo anagwetsa nkhope. Kenako adada anabwera kwa ine. Anagwira dzanja langa ndi manja awo onse awiri, masokosi akadali m'manja.

"Yewo chomene, mwana wane," anatero. "Lero wandiona ngati munthu ndiwe wekha. Ndimafuna kudziwa, ndadziwa. Liwiro la Loweruka sindingalithenso."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti mwana wawo. Wocheka matabwa anandiyang'ana, akudikira kuti ndinene kanthu. Sindinanene. Iye anatola njinga yake n'kuyamba kupukuta tcheni ndi udzu. Tinatsika kubwerera ku boma pa mzere, mwakachetechete, dzuwa litayamba kubalalitsa chifunga.

Kwa odwala adada sanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Njinga yawo anaipachika ndi waya kudenga la shedi, pamwamba pa milu ya mbaula. Loweruka masana tikabwerako ankatiimitsa kufunsa amene wafika poyamba, n'kumunyoza wotsiriza monga kale. Mlimi uja anakhala osandilankhula mpaka chisanu chinatha, koma iye ankandiimba mlandu wongoswa pangano. Zinazo ankazidziwa wocheka matabwa yekha, ndipo munthu ameneyo sanauze aliyense. Nthawi zina ndinkalakalaka akanaulula, kuti nkhani ituluke popanda ine kutsegula pakamwa.

Chimene ndikudziwa n'chakuti liwiro lenileni la Loweruka adada akanalitha tsiku limenelo. Anali atadutsa kale povuta. Ndinali kutsogolo kwawo, kupuma kwawo ndinkakumva, ndipo ndikudziwa kusiyana kwa munthu amene akuvutika ndi munthu amene watha. Sabata yotsatira mwina akanaduka, mwina ayi, koma kuwerenga kukanayambiranso pa kamodzi, ndipo chifuwa chija chinali chikupola. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, ndipo sindinapeze njira yozinenera yoti ine ndioneke bwino.

Mkazi wanga ndinamuuza patapita miyezi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndiye mukundiuza ine kuti nditani? Shedi yawo mukuidziwa."

Ndinadikira mpaka kumapeto kwa Meyi wotsatira, chisanu chitayambanso. Lamulo linkawalola kubwerera, ndipo ndinaganiza kuti ndikawauze zonse, kenako ndiwapemphe atsitse njinga ija. Mawu ndinawakonza bwinobwino m'njira. Ndinawapeza akukhoma mbaula, poti nyengo imeneyo ndiyo ya malonda awo. Matayala a njinga kudenga kuja anali ataphwa, ndipo pa chishalo panali fumbi.

"Adada, Juni wayandikira," ndinatero. "Chaka chakwana. Loweruka likubwerali tikuyamba."

Anaseka, n'kuika nyundo pa bondo.

"Mwana wane, fodya akamuyeza pa sikelo yabodza, mwini wake amabwerera kukadandaula. Koma ine ndinayezedwa pa sikelo yabwino. Sikelo yake unali iwe. Ndibwererenji?"

Panali mayi wina amene ankasankha ndowa. Adada anatembenukira kwa iye n'kundiloza.

"Mama, mukamafuna wa magetsi muzitenga uyu. Uyu sanama."

Mayiyo anandiyang'ana n'kugwedeza mutu mwaulemu. Adada anatola nyundo n'kupitiriza kukhoma. Ine ndinangowafunsa mtengo wa mbaula yaing'ono.